Kusankha, kukonza ndi kudzola phaudala wa sitachi popanda kuvulaza khungu

Kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka mvula itakhazikika, anthu okhala m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Senga Bay kudzera pa Benga mpaka kukafika ku Dwangwa, amalimbana ndi thukuta usana ndi usiku womwe. Iyi ndi nyengo imene makanda amatuluka tinsungu m'khosi ndi kumsana, amayi amasupuka kunsi kwa mabere, ndipo asodzi ndi anyamata a kabaza amadandaula za kuyabwa m'mphechepeche. Ndi nyengonso imene phaudala amayenda malonda m'magolosale ndi m'misika, ndipo ambiri mwa ogulawo sadziwa kuti m'botolo limene anyamulalo mungakhale chinthu chopezeka m'munda mwawo momwe: sitachi, ufa woyera mbee umene umakhazikika pansi pa beseni munthu akatsuka chinangwa chosinja.

Kale phaudala wa ana ankapangidwa kuchokera ku talc, mwala wofewa umene amaukumba pansi n'kuupera. Kampani ya Johnson & Johnson, itasumiridwa kambiri ku America ndi anthu onena kuti talc wake anali ndi asbestos, ulusi wa m'miyala umene umayambitsa khansa, inasiya kugulitsa phaudala wa talc ku America ndi ku Canada mu 2020, ngakhale kuti inkanenetsa kuti katundu wake analibe vuto. Mu 2022 inalengeza kuti kuyambira 2023 phaudala wake wa ana adzakhala wa sitachi wa chimanga padziko lonse. Mu Julayi 2024, IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, inaika talc m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingathe kuyambitsa khansa. Zonsezi zatchukitsa sitachi, mpaka ena afika poganiza kuti chinthu chochokera ku chakudya sichingapweteke munthu. N'zoona kuti sitachi ndi wofatsa, koma kufatsa kwake kumakhalapo pamene ali wouma, waukhondo, ndiponso pa khungu losang'ambika. Mavuto ake pafupifupi onse amayamba akanyowa n'kukhalitsa, akalowa m'bala, kapena akafika m'mapapo, ndipo malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza kupewa zimenezi.

Choyamba: dziwani ntchito imene sitachi angathe kugwira

Sitachi ndi chakudya chimene mbewu imadzisungira m'mizu kapena m'njere, ndipo amakhala m'timibulu tosaoneka ndi maso. Timibulu ta mpunga n'tating'ono kwambiri, ta mamaikulomita 3 mpaka 8, pamene maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, n'chifukwa chake opanga phaudala wa kunkhope amakonda mpunga. Ta chimanga ndi ta chinangwa n'tokulirapo pang'ono, ndipo ta mbatata ya kachewere timatha kufika mamaikulomita 100. Timibuluti sitisungunuka m'madzi ozizira ndipo sitilowa m'khungu lathunthu. Timangokhala pamwamba n'kumayamwa thukuta ndi mafuta, komanso kuchititsa kuti khungu likamakhudzana ndi linzake kapena ndi chovala lizitsetsereka m'malo mokhulana. Ntchito yake yathera pomwepo.

Sitachi sapha tizilombo, saletsa thukuta kutuluka, ndipo sayeretsa khungu. Kuyera kumene kumaoneka munthu akadzola ndi ufa chabe umene umachoka akasamba. Choncho ngati mafuta olembedwa kuti ndi a mpunga kapena a chinangwa akusinthadi maonekedwe a khungu m'masabata ochepa, dziwani kuti muli china chimene sanakuuzeni, kawirikawiri hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, amene amapepukitsa khungu ndi kulisiya ndi mizere yosatha. Sitachi satetezanso ku dzuwa ngakhale pang'ono. Mfundo iyi ndikuinenetsa chifukwa cha abale athu achialubino, amene dzuwa la kunyanja limawaika pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya pakhungu: iwo akufunika mafuta enieni oteteza ku dzuwa, chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, osati phaudala.

Chachiwiri: werengani kumbuyo kwa botolo musanalipire

Kutsogolo kwa botolo n'kotsatsira malonda, ndipo zoona zimalembedwa kumbuyo ndi timalemba tating'ono, pansi pa mawu akuti Ingredients. Mndandandawu umayamba ndi chimene chachuluka kwambiri n'kumatsika, motero mayina awiri kapena atatu oyambirira ndi amene akukuuzani chimene mukugula. Zea Mays Starch ndi sitachi wa chimanga, Tapioca Starch ndi wa chinangwa, Oryza Sativa Starch ndi wa mpunga, Solanum Tuberosum Starch ndi wa mbatata ya kachewere, ndipo Triticum Vulgare Starch ndi wa tirigu. Mukaona Talc koyambirira ndi sitachi kumapeto, ndiye kuti phaudalayo ndi wa talc, ngakhale kutsogolo atajambula chitsononkho cha chimanga.

M'mafuta odzola ndi m'zopaka kunkhope mumapezekanso mayina aatali monga Aluminum Starch Octenylsuccinate ndi Hydroxypropyl Starch Phosphate. Musachite nawo mantha. Uyu ndi sitachi yemweyo amene amusintha ku fakitale kuti asamaundane akakumana ndi chinyezi, kapena kuti akhuthalitse mafuta ndi kuchepetsa kunyezimira kwa nkhope. Akatswiri a Cosmetic Ingredient Review ku America anaunika mitundu imeneyi n'kupeza kuti ilibe vuto pa mlingo umene imaikidwa m'zodzoladzola. Chimene chimayabwitsa anthu ambiri si sitachi ayi, koma zonunkhiritsa, zolembedwa kuti Parfum kapena Fragrance, ndi mankhwala osungitsa katundu. Ngati khungu lanu silichedwa kuchita zidzolo, kapena mukugulira mwana, sankhani phaudala wopanda fungo.

Amene thupi lawo limadana ndi tirigu apewe chilichonse cholembedwa Triticum kapena Hydrolyzed Wheat Protein. Sitachi payekha sayambitsa vutoli, koma mapuloteni otsalira a mbewuyo. Ku Japan mu 2011 anachotsa pamsika sopo wa kunkhope amene munali mapuloteni a tirigu, sopo amene anachititsa anthu oposa 2,000 kutupa, ena mpaka kubanika akadya zakudya za tirigu, ngakhale kuti asanayambe kusamba sopoyo ankadya buledi popanda chovuta.

Onaninso tsiku lothera mphamvu, dzina ndi keyala ya wopanga, komanso kachithunzi ka botolo lotsekula kolembedwa 6M kapena 12M, kamene kamatanthauza miyezi imene chinthucho chingagwiritsidwe ntchito chikatsekulidwa. Pa katundu wopangidwa m'dziko muno funani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Phaudala wothiridwa m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina musamugule, ngakhale atatchipa chotani.

Chachitatu: yesani ngati mulidi sitachi

Ikani phaudala wochepa pa mbale yoyera ndi kudonthezapo dontho limodzi la ayodini wotsukira mabala amene amagulitsidwa ku famase. Sitachi amasanduka wabuluu wodera bii nthawi yomweyo, pamene talc amangonyowa n'kutenga mtundu wachikasu wa ayodiniyo. Kumbukirani kuti kuyesaku kumangosonyeza kuti sitachi alimo, sikutsimikizira kuti talc mulibe, popeza zosakaniza nazonso zimada. Kuti mudziwe zambiri, vundulani supuni yaing'ono ya phaudalayo mu theka la kapu ya madzi ndi kuwiritsa pa moto wochepa. Sitachi amakhuthala n'kukhala wonanda ndi woonekera mkati, koma talc sapsa ndipo amatsala ali woyera pamwamba kapena pansi pa poto.

Chachinayi: ngati mukufuna kukonza nokha kuchokera ku chinangwa

Ku Nkhotakota chinangwa sichisowa, ndipo n'zomveka kuti munthu afunse chifukwa chogulira m'botolo chinthu chimene chili kuseri kwa nyumba yake. N'zotheka kukonza sitachi wabwino pakhomo, koma poyamba tisiyanitse zinthu. Ufa wa kondowole si sitachi wodzola. Chinangwa chake chimaviikidwa masiku angapo mpaka kufewa ndi kusasa, ndipo ufawo umakhala ndi ulusi, fungo ndi tizilombo tochokera m'madzi oviikira. Ufa wa makaka nawo nthawi zambiri umakhala utagwidwa chuku poyanika. Mgaiwa uli ndi gaga ndi mafuta amene amavunda, ufa woyera ndi wokhakhala, ndipo kasitadi wa m'sitolo amuthira mtundu ndi zokometsera. Zonsezi n'zakudya zabwino zimene siziyenera kupita pa khungu.

Sankhani chinangwa chozizira monga Mbundumali, amene ena amamutcha Manyokola, ndipo chikhale chozulidwa tsiku lomwelo. Chinangwa chimayamba kuwonongeka pakangopita tsiku limodzi kapena awiri chizulireni, ndipo mukachidula n'kuona mizere yakuda kapena yobiriwira mkati, chisiyeni. Chinangwa chilichonse chili ndi poizoni wotchedwa linamarin, amene amatulutsa cyanide muzu ukaphwanyidwa, koma chowawa chimakhala naye wochuluka zedi. Poizoniyu amasungunuka m'madzi, ndiye amachoka potsuka, koma palibe chifukwa choyambira ndi chinangwa chowawa pamene chozizira chilipo. Gwirirani ntchitoyi panja pamene pakupita mphepo, ndipo ngati muli ndi zilonda m'manja valani magolovesi kapena pemphani wina akuthandizeni.

Madzi ndi amene adzapange kapena kuwononga ntchito yonse. Musatunge a m'nyanja, a m'dambo kapena a mumtsinje. Tengani a pa mjigo kapena a pa mpopi, muwawiritse, ndipo muwadikire azizire kotheratu, chifukwa sitachi wa chinangwa amayamba kupsa madzi akatentha kufika madigiri 60 mpaka 70, ndipo akapsa sabwereranso kukhala ufa. Tsukani mtondo, munsi, mabeseni awiri ndi nsalu yoyera yothina maso, ndipo nsaluyo muiwiritsenso.

Sendani chinangwa mochotsa makoko onse awiri, lofiirira la kunja ndi lokhuthala la mkati, chifukwa poizoni wambiri amakhala m'menemo. Tsukani, chotsani mtsitsi wa pakati, dulani tizidutswa, ndipo sinjani mpaka pasakhale chibulu ngakhale chimodzi. Amene ali ndi chitsulo cha timabowo chopalira angathe kupala m'malo mosinja, ndipo sitachi amatuluka wochulukirapo. Thirani zosinjazo m'beseni, onjezani madzi ochuluka kawiri kapena katatu kuposa zosinjazo, ndipo fikisani ndi manja kwa mphindi zingapo kufikira madzi atayera. Kenaka kungani nsalu ija pa beseni lachiwiri, tsanuliranipo pang'onopang'ono, sonkhanitsani makona a nsalu ndi kufinya mwamphamvu. Zotsalira m'nsalu zibwezereni m'madzi atsopano ndi kufinyanso kamodzi kapena kawiri, mpaka madzi otuluka atayamba kuoneka opanda kanthu.

Vindikirani beseni la madzi oyerawo ndi kuliika pa mthunzi, pamalo pamene ana ndi nkhuku sangaligwedeze. Pakapita maola atatu kapena anayi mudzaona madzi achikasu pang'ono pamwamba, ndipo pansi padzakhala sitachi atagwirana, wolimba ngati sopo. Mukamukanikiza ndi chala amakana, koma mukatapa pang'ono n'kutambasula dzanja amayamba kuyenderera pakati pa zala. Umu ndi mmene sitachi weniweni amachitira. Pendeketsani beseni mosamala ndi kutaya madzi a pamwamba, kenaka palani kansanjika kotuwa kamene kamakhala pamwamba pa sitachiyo, chifukwa m'menemo ndi mmene mwasonkhana ulusi ndi zitsotso. Thirani madzi atsopano, vundulani mpaka zonse zitasakanikirana, dikiraninso akhazikike, ndipo bwerezani kutsukaku katatu. Zonsezi zithe tsiku lomwelo. M'nyengo yotentha, sitachi wogona m'madzi usiku wonse amayamba kusasa, ndipo wosasa sayenera kudzoledwa.

Madzi oyamba kutayidwa aja ali ndi poizoni. Akwirireni m'dzenje kutali ndi chitsime, ndipo mbuzi, nkhumba, agalu kapena ana asawamwe.

Phwanyani sitachi wonyowayo m'tizidutswa ndi kumuyala mopyapyala pa thireyi yoyera kapena pa nsalu yowiritsa, pamwamba pa thandala osati pansi, ndipo phimbani ndi nsalu yopepuka kuti ntchentche ndi fumbi zisagwerepo. Musamuyanike pa thandala la usipa kapena pafupi nalo. Tembenuzani kangapo pa tsiku, madzulo lowetsani m'nyumba kuti asagwidwe mame, ndipo m'mawa tulutsaninso kufikira atauma gwa. Sitachi wouma bwino amalira mukamutikita pakati pa zala, ndipo mukamufumbata n'kutambasula dzanja amamwazika osasiya chibulu chonyowa. Akafika pamenepa, muikeni m'poto wouma wopanda mafuta pa moto wochepa kwambiri, n'kumatakasa kwa mphindi pafupifupi 10 osalola kuti asinthe mtundu. Kutenthetsaku kumachotsa chinyezi chotsalira ndi kuchepetsa tizilombo, koma sikupha tonse, n'chifukwa chake sitachi wa pakhomo ndi wa khungu lathunthu la munthu wamkulu basi. Akazizira, sefani ndi sefa ya maso aang'ono kapena nsalu youma. Pa makilogalamu 5 a chinangwa chosenda musayembekezere kupitirira kilogalamu imodzi, ndipo imeneyo ndi yokwanira banja lonse nyengo yonse yotentha.

Musathiremo perefyumu, mandimu, phulusa kapena soda. Soda makamaka amayabwitsa m'khwapa anthu ambiri chifukwa amasokoneza asidi wachibadwa wa pakhungu.

Chachisanu: yesani pa malo aang'ono musanadzole thupi lonse

Kaya ndi wogula kaya ndi wokonza nokha, pakani pang'ono mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono, pa malo okula masentimita awiri kapena atatu, m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7 mpaka 10. Masikuwa akuoneka ochuluka, koma zidzolo zobwera chifukwa cha zonunkhiritsa sizituluka tsiku loyamba, ndipo zina zimadikira masiku angapo. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho musadalire maso okha: sisitani malowo ndi chala kuti mumve ngati pali tinsungu, kukhakhala, kutentha kapena kutupa, ndipo yerekezani ndi mkono winawo pa kuwala kwa dzuwa. Mukamva kuyabwa kapena kuwotcha, tsukani ndi madzi ambiri ndipo musadzolenso. Ngati amene wakuyabwani ndi wogula, n'kutheka kuti vuto ndi fungo lake, ndiye mungathe kuyesa wopanda fungo pa mkono winawo khungu likachira.

Chachisanu ndi chimodzi: kadzoledwe kake

Sambani ndi sopo wosanunkhira kwambiri ndipo pukutani modinda osati mokhula, makamaka m'malo opindika: m'khwapa, kunsi kwa mabere, m'mphechepeche ndi pakati pa zala za kumapazi. Dikirani mphindi zingapo kuti mphepo imalizitse kuumitsa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amathira phaudala pa khungu lonyowa pofuna kuti aliumitse, ndipo zotsatira zake ndi ufa wonyowa umene umamatirira m'mapindiko, kusunga chinyezi tsiku lonse ndi kukhula khungu lomwe amafuna kuliteteza.

Musakutumulire botolo pa thupi. Thirani pang'ono m'dzanja, dzanjalo lili kutali ndi nkhope, tikitani manja awiri, kenaka sisitani pa khungu. Mlingo woyenera ndi umene suoneka: ngati khungu latuwa kapena ufa ukugwera pansi, mwachulutsa. Zimitsani fani pothira, ndipo amene ali ndi mphumu kapena chifuwa chokhalitsa ndi bwino asagwiritse ntchito phaudala wa mtundu uliwonse, chifukwa fumbi la sitachi nalonso limatsokomoletsa ndi kubanikitsa. Amayi asathire phaudala kumaliseche kapena pa zovala zamkati ndi pa mapadi. Kunkhope, amene ali ndi ziphuphu adzole wochepa kwambiri ndipo azichapa siponji kapena burashi yake sabata iliyonse, popeza mafuta a nkhope osakanikirana ndi ufa amaunjikana m'menemo.

Mukachita thukuta kwambiri masana, musaonjezere phaudala watsopano pamwamba pa wakale. Tsukani malowo, umitsani, kenaka dzolaninso. Madzulo sambani ndi kuchotsa yense musanagone. Kwa msodzi amene amakhala ndi kabudula wonyowa usiku wonse, phaudala alibe phindu lililonse ali pa nyanja. Chimene chingamuthandize ndi mafuta a Vaseline m'malo okhulana asananyamuke, ndipo akafika kumtunda asambe ndi madzi a pa mjigo ndi kuvala zouma.

Pali mkangano wakale wonena kuti sitachi amadyetsa fangasi wotchedwa Candida, amene amayambitsa zidzolo zofiira zonyowa m'mapindiko. Kafukufuku amene dokotala wa khungu James Leyden anafalitsa mu 1984 anapeza kuti sitachi wa chimanga sanachulukitse fangasiyu pa khungu la anthu, ndipo anachepetsa kusupuka kobwera ndi kukhulana. Ngakhale zili choncho, sitachi sachiritsa fangasi, ndipo akaundana pa malo onyowa amasunga chinyezi chimene fangasiyo amachifuna. Langizo langa ndi lakuti muzimugwiritsa ntchito popewa kusupuka khungu likadali bwino, koma matenda akayamba mumusiye.

Chachisanu ndi chiwiri: makanda

Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, limalangiza makolo kuti asamathire makanda phaudala, chifukwa njira za mpweya za khanda n'zazing'ono ndipo fumbi lochepa lingathe kumubanikitsa. Ngozi zambiri zimachitika posintha thewera, mwana akagwira botolo n'kudzikhuthulira kumaso. Ndikudziwa kuti kwa amayi ambiri mwana wosamba bwino ndi amene watuwa m'khosi ndi phaudala, ndipo agogo angadabwe kuona mdzukulu wosadzoledwa, koma khanda silifuna phaudala kuti likhale laukhondo. Tinsungu ta kutentha timachepa mwana akamasambitsidwa ndi madzi osatentha, kuvekedwa chovala chimodzi chopepuka cha thonje, ndi kumasulidwa kumsana nthawi ndi nthawi kuti apitidwe mphepo m'malo mokutidwa ndi zitenje ziwiri ndi shawelo dzuwa lili paliwombo. Zilonda za thewera zimafuna kusintha thewera msanga, kutsuka ndi madzi, kuumitsa, ndi kupaka Vaseline kapena mafuta a zinc oxide. Pa mchombo wa mwana wobadwa kumene pasapite ufa, phaudala kapena chilichonse kupatula mankhwala amene achipatala apereka.

Chachisanu ndi chitatu: malo amene sitachi sayenera kufika

Pa bala, pa chilonda, pa matuza ophulika ndi pa malo amene mwameta kumene n'kudzicheka, musaikepo sitachi. Mu Januwale 2017 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linaletsa magolovesi a m'chipatala othira phaudala, amene nthawi zambiri anali sitachi wa chimanga woyeretsedwa bwino kuposa aliyense amene tingakonze pakhomo. Chifukwa chake chinali chakuti timibulu take tikatsalira m'bala kapena m'mimba mwa munthu wochitidwa opaleshoni, thupi limatiukira n'kupanga zotupa ndi kumatiriza ziwalo za mkati, komanso timanyamula mapuloteni a mphira amene ena amadana nawo. Ngati sitachi wa m'chipatala amachita zimenezi, wa m'beseni sangachite bwino kuposa apo.

Munthu akapsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, musamuthire ufa. Thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera ndi kupita naye ku chipatala. Ufa umasunga tizilombo ndipo achipatala amayenera kuupala poyeretsa bala, zimene zimaonjezera ululu. Chipere, zikanga ndi linyetsu ndi matenda a fangasi ofuna mankhwala ake monga clotrimazole, ndipo mphere zimafuna kuti banja lonse lilandire mankhwala pamodzi ndi kuchapa zofunda. Odwala matenda a shuga asathire phaudala pakati pa zala za kumapazi, chifukwa kachilonda kangathe kubisika pansi pa ufa osamva kupweteka mpaka katakula.

Za madzi a mpunga

Popeza mpunga umalimidwa kwambiri ku Lifuwu ndi m'madambo a Bua, atsikana ambiri amasamba kumaso kapena kutsuka tsitsi ndi madzi otsukira mpunga. Mchitidwewu uli ndi maziko ake. Ofufuza a ku Brussels anafalitsa mu 2002 zotsatira zosonyeza kuti khungu loyabwitsidwa likaviikidwa m'madzi okhala ndi sitachi wa mpunga kwa mphindi 15 kawiri pa tsiku, kuchira kwake kumapita patsogolo ndi magawo 20 pa 100 alionse. Komabe madzi amenewa ndi chakudya cha tizilombo, ndipo pa kutentha kwa kunyanja amawonongeka m'maola ochepa. Tayani madzi otsukira koyamba chifukwa ndi a fumbi ndi zotsalira za m'thumba, viikani mpunga m'madzi owiritsa ozizira kwa theka la ola, sefani, gwiritsani ntchito nthawi yomweyo, ndipo tsukulutsani ndi madzi oyera. Otsala atayeni. Osasa amene agona m'botolo masiku angapo asafike pafupi ndi maso kapena pa khungu la ziphuphu zophulika. Chimodzimodzinso, musasakanize sitachi ndi mafuta odzola m'botolo lawo kuti musunge, chifukwa mankhwala osungitsa amene ali m'mafutamo anayezedwa mosawerengera ufa wanuwo.

Kusunga, ndi nthawi yopita ku chipatala

Sungani phaudala m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi bafa, ndi moto ndi ana, ndipo muzitapa ndi supuni youma osati ndi zala. Pa wokonza nokha lembani tsiku limene munamukonza, ndipo ndi bwino kukonza wochepa woti athe m'miyezi iwiri kapena itatu, makamaka mvula ikayamba ndipo chinyezi chikalowa m'nyumba. Akaundana, akayamba kununkha chuku kapena kusasa, akaoneka timadontho takuda kapena tobiriwira, kapena mukapezamo anankafumbwe, tayani yense. Kusefa sikuchotsa chuku. Amene akufuna kukonza wogulitsa ayambe wapita ku Malawi Bureau of Standards kuti katundu wake akayezedwe, popeza tizilombo sitioneka ndi maso ndipo ogula ena adzathira ana awo.

Pitani ku chipatala cha boma ku Nkhotakota kapena ku Salima, ku chipatala cha St Anne's ku Nkhotakota, kapena ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu ngati zidzolo sizikusintha patatha masiku atatu chisiyireni kudzola, ngati zikufalikira, zikutuluka mafinya kapena zikubwera ndi kutentha thupi, ndiponso ngati m'mapindiko mwafiira monyezimira ndi timadontho m'mbali mwake. Kutupa kwa milomo, zikope kapena lilime, ndi kupuma movutikira, n'zofuna kuthamanga nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mwana amene wapuma phaudala wambiri mumutulutse pa malo a mpweya wabwino, mumupukute kumaso ndi nsalu yonyowa, ndipo mupite naye ku chipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa kubanika kumatha kuyamba patapita maola angapo. Popita tengani botolo lenilenilo ndi chizindikiro chake, kapena sitachi wokonza nokhayo, ndipo mukawauze adokotala tsiku limene munayamba kudzola, malo amene munadzola, ndi zodzola zina zonse zimene mwagwiritsa ntchito m'mwezi umenewo.